Masiku 5 pa dilipi ya iloprost: chilonda cha pa mkombaphala chinatsekeka

Chilonda cha kunsonga kwa chala changa cha mkombaphala chinatha miyezi 7 chili tong'o, osapola. Ndimadwala systemic sclerosis, ena amati scleroderma. Khungu limauma n'kukhala gwa, timitsempha ta magazi ta m'zala timachepa, ndiye chisanu cha kuno ku England chikangondikhudza, zala zimayera mbuu kenako n'kuda. Kachilondako kanali kakang'ono ngati njere ya mapira, koma usiku ndinkagona dzanja lili lende pambali pa bedi. Kutema nsima ndinasiya, ndinkadya ndi supuni.

Mankhwala otsegula mitsempha ya magazi otchedwa nifedipine anangonditupitsa akakolo. Atandiwonjezera sildenafil, yemwe ndi mankhwala omwe aja a mu Viagra, zala zinayamba kufunda pang'ono, koma chilonda chili pompo. Ndiye adokotala anandilembera iloprost.

Ameneyu amalowera m'mitsempha, maola 6 pa tsiku, masiku 5 otsatizana, madzulo kubwerera kunyumba. Ntchito yake ndi kutsegula mitsempha kuti magazi afike kunsonga. Anamwino amayamba pang'onopang'ono, n'kumakweza mphindi 30 zilizonse uku akuyeza BP. Atakweza kachitatu, mutu unandiwawa ngati wina akuupana ndi chitseko, nkhope kutentha, nsagwada kuphwanya, nseru osanena. Namwino wina, mayi wodekha zedi, anaona ndisanalankhule. Anatsitsa makina, kundipatsa paracetamol ndi mankhwala a nseru, n'kundifunditsa bulangete. "Musapirire mwakachetechete, tiuzeni," anatero. Mayi ameneyu sindidzamuiwala.

Zondidandaulitsa zilipo. Ndinadikira milungu 5 kuti andiyitane, ndipo m'chipinda chodikirira munkazizira, malo amene odwala ake mdani wawo ndi chisanu. Tsiku loyamba anandibaya kanayi kuti apeze mtsempha, poti khungu langa ndi lolimba. Tsiku lachiwiri ndinapempha kuti ayambe andifunditsa mkono, ndipo singano inalowa kamodzi.

Musayembekezere kuti mutuluka mutachira. Ululu unayamba kuchepa sabata yachiwiri, chilonda chinatsekeka sabata ya 6, ndipo nthawi yonseyi ndinkamangitsa bandeji kwa namwino wa zilonda. Pano ndikumwa bosentan. Adokotala anandiuza mosabisa kuti ameneyu sapoletsa chilonda chimene chilipo kale, amangochepetsa zatsopano. Amafuna kuyezetsa magazi a chiwindi mwezi uliwonse, ndipo amayi anzanga mumve bwino apa: mankhwalawa amawononga mwana wa m'mimba, komanso amafooketsa mapiritsi olerera.

Chipinda cholandirira dilipichi ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Pa chalapo patsala kachipsera kolowa m'kati, ndipo ndimamvabe kuwawa ndikakhudza madzi ozizira. Andilembanso kuti ndikabwereze dilipi mu Novembala chisanu chisanafike povuta, ndipo ndidzanyamula magolovesi awiri ndi bulangete langalanga.