Kumeretsanso fupa la nsagwada: ntchito agwira bwino, koma funsani za kachikopako

Dzino likazulidwa, fupa lomwe linkaligwira limayamba kuphwa, makamaka m'miyezi yoyambirira. Langa linaphwa moti dokotala wa mano anati chitsulo cha titanium chogwira dzino loikirira sichingapeze poluma pokhapokha fupa litameretsedwanso. Ndinachititsa zimenezi pa kliniki ina kuno ku Johannesburg komwe ndimagwira ntchito, ndipo pa luso la manja ndilibe nawo mawu.

Anandibaya jakisoni wa dzanzi, n'kutsegula nkhama, n'kuthira m'dzenjemo timibulu toyera tothandiza fupa kumeranso totchedwa Bio-Oss. Pamwamba pake anavundikirapo kachikopa kopyapyala ka Bio-Gide, n'kusoka. Zonse ziwirizi zimapangidwa ndi kampani ya Geistlich ya ku Wolhusen, Switzerland. Kachikopako anandionetsa asanakaike: kouma, mbali ina kosalala, ina kokhakhala. Yosalalayo imayang'ana ku nkhama, yokhakhalayo ku fupa, ndipo kakangonyowa kamafewa n'kumatirira pokha. Ntchito yake ndi ya mpanda wa padimba wotchinga mbuzi. Mnofu wa nkhama umakula msanga kuposa fupa, ndiye popanda chotchinga umathamangira kudzaza dzenjelo fupa lisanamere. Pakapita nthawi kachikopako kamasungunuka m'thupi momwemo.

Tsaya linatupa ndithu, ndinakhalira phala ndi mbatata yopota, ndikuchukucha m'kamwa ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa chlorhexidine. Osuta fodya amauzidwa kusiyiratu chifukwa amachedwetsa kupola. Itatha miyezi yodikira, X-ray inaonetsa fupa litadzaza, ndipo chitsulo chinagwira nga nga nga.

Chondiwawa n'chimodzi. Palibe anandiuza kuti zinthuzi zimachokera ku nyama mpaka nditafunsa ndekha. Bio-Oss amapanga kuchokera ku mafupa a ng'ombe, pomwe Bio-Gide ndi collagen (puloteni yopezeka m'khungu ndi m'minofu) wa nkhumba. Kwa ine zinalibe kanthu, koma ndinaganizira anzanga achisilamu a ku Mangochi ndi a mpingo wa Seventh Day omwe tili nawo ambiri kuno. Munthu ayenera kudziwa asanagone pampando, asankhe yekha. Zilipo zikopa zina zosachokera ku nyama, monga za pulasitiki yotchedwa PTFE, kungoti za PTFE sizisungunuka, zimafuna kuti adzakutseguleninso pozichotsa.

N'chifukwa chake ndinafunsa za zeolite, yomwe ndinawerengapo. Ndi mwala wa aluminium, silicon ndi oxygen wokhala ndi timibowo tosaoneka ndi maso, womwe umagwira kale ntchito m'zosefera madzi ndi mu sopo wa ufa wochapira. Timibowoto timatha kusunga siliva, zinc kapena calcium n'kumazitulutsa pang'onopang'ono. Apa ndiye pagona chidwi cha ofufuza: kachikopa kotchinga nkhama, kopha tizilombo, komanso kolimbikitsa maselo a fupa kumera. Dokotala anandiyankha mosabisa kuti zimenezo zikadali m'malabu ndi poyesa pa nyama, pashelefu pake palibe. Kukhulupirika kumeneko ndinakukonda, chifukwa pa intaneti pali ogulitsa ufa wa zeolite womwa omwe amalonjeza zambiri, pomwe ufa umenewo sungameretse nsagwada ya munthu.

Mtengo ndi wowawa, ndipo timibulu, kachikopa ndi chitsulo amalipiritsa chilichonse pachokha. Pemphani akulembereni zonse papepala musanavomere, ndipo mufunse a medical aid ngati alipirako gawo, poti mapulani ena mano oikirira sawalipirira.