Chimbale cha A Brighter Summer Day: tsopano mdima wa Edward Yang ukuoneka

Filimu ya Edward Yang, wopanga mafilimu wa ku Taiwan, yotchedwa A Brighter Summer Day ndi ya mphindi 237, pafupifupi maola anayi, ndipo zambiri zimachitika usiku. N'chifukwa chake ndinalolera kugula chimbale cha Blu-ray chimene kampani ya Criterion Collection inatulutsa mu 2016. Makope akale amene anthu ankapatsana anali akuda bii, moti nkhope za anyamata a m'filimuyi sizinkasiyanitsika. Pa chimbalechi mdima udakalipo ndithu, koma zinthu zikuoneka.

Yang ankajambula ndi kuwala kochepa: babu limodzi, kandulo, kapena tochi imene Xiao Si'r, mnyamata amene ali mwininkhani, amaba ku situdiyo ya mafilimu yoyandikana ndi sukulu yake. Usiku wina wa namondwe, magetsi atathima, gulu la anyamata likukhapidwa ndi malupanga, ndipo woonera amangoona pamene kuwala kwagwera basi. Gawo limeneli lokha likundikwanira kunena kuti ndalama zanga sizinapite pachabe.

Nkhaniyi ndi ya ku Taipei, likulu la Taiwan, cha m'ma 1960, pakati pa mabanja amene anathawa ku China mu 1949 limodzi ndi boma la Chiang Kai-shek. Yang naye anabadwira ku Shanghai mu 1947 n'kukulira ku Taiwan, ndipo anatenga nkhani yeniyeni ya mu 1961, ya mwana wa sukulu amene anapha mtsikana mu msewu wa Guling. Koma ine chimene chinandipweteka mtima kwambiri ndi bambo ake a Si'r. Ndi munthu wogwira ntchito m'boma, wodzilemekeza, wokana ziphuphu. Apolisi achinsinsi akuwatenga usiku, kuwakhazika m'chipinda masiku angapo ndi kuwalembetsa mbiri ya moyo wawo mobwerezabwereza. Akabwerera kunyumba sakhalanso munthu yemwe uja, ndipo mwana wawo amaziona zonsezi ali chete. Amene anasewera mnyamatayu ndi Chang Chen, ndipo bambo a m'filimu ndi bambo ake enieni, Chang Kuo-chu.

Pa zoonjezera za m'chimbalechi, ndathokoza kwambiri ndemanga za Tony Rayns, katswiri wounika mafilimu, zimene zimayenda ndi filimu yonse. Anthu m'nkhaniyi ndi ochuluka zedi, magulu a anyamata alipo angapo, ndipo iye amakuthandizani kudziwa kuti uyu ndi wa kuti, nyumba za Chijapani zimene mabanjawa akukhalamo zinachokera kuti. Mulinso kucheza ndi Chang Chen, komanso filimu ya 2002 yofotokoza m'badwo wa Yang ndi Hou Hsiao-hsien, amene anasintha mafilimu a ku Taiwan m'ma 1980.

Amene simunaonerepo ntchito ya Yang, ndikanakonda muyambe ndi Yi Yi, imene inamupatsa mphoto ya wotsogolera filimu wopambana pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 2000. Ndi yofewerapo, ndipo ndi yomaliza imene anapanga asanamwalire ndi khansa mu 2007, ali ndi zaka 59.

Musanagule dziwani ziwiri. Anthu amalankhula Chitchaina, ndipo mawu olembedwa m'munsi ndi a Chingerezi chokha. Komanso zimbale za Blu-ray zimatsekeredwa malinga ndi dera: chimbale cha ku America ndi cha Region A, pamene makina ogulitsidwa ku Africa ndi ku Britain amawerenga Region B, choncho yambani mwaona ngati makina anu amalandira zimbale za madera onse.