Kashopu kokonza mafiliji ku Luwinga: nyenyezi 4, yachisanu yathawa chifukwa cha foni

Amene mumagula mafizesi ndi nkhuku kwa ine ku Chibavi kuno ku Mzuzu mwaona kuti masabata apitawa kunalibe kanthu, sikuti ndasiya geni ayi, dipifiliza inafa. Inafanso imfa yopusa. Mwana wanga wa fomu 2 ndinamutuma kuti achotse ayezi, iye nzeru zake anatenga mpeni, kubaya kamodzi tinangomva psiiii, gasi yense panja.

Woyamba kubwera anali bambo wina amene sindimutchula, anathira gasi nkutenga K25,000 nkumapita, masiku awiri filiji yayambanso kutentha ngati uvuni, kumuimbira akuti mayi filiji yanu ndi yakale gulani ina. Ndiye mnzanga wogulitsa nsomba za ku Nkhata Bay anati pitani ku Luwinga kuli mtsikana wina. Ine mtsikana? Zoona ndinakayikira, ndisaname.

Anabwera pa sacramento, njinga ya kabaza ija, bokosi la zida pamiyendo, ovolosi yabuluu, kunja kukuwaza kamvula kathu ka Mzuzu kosatha kaja. Atangoti monire mama sanathamangire gasi, anayamba ndi mafunso ngati uli kuchipatala, yayamba liti, imalira bwanji usiku, magetsi akabwera mumayatsa pompo kapena mumadikira. Kenako anagwada, nsonga ya sikuludilaiva pa kompuresa, ka injini ka filiji kaja, chogwirira pakhutu, phee kumvetsera. Ndinaseka ndati achemwali mukuyeza mimba kapena? Akuti amama musaseke, ine ndimayenera kukhala nesi.

Nkhani inayambira pamenepo, iye manja ali pantchito ine ndakhala pa ndowa. Akuti kuyambira ku pulayimale ankangolota yunifolomu yoyera, MSCE analemba kawiri kuti mapoyintsi atsike, malo anawapezadi ku koleji ina ya unamwino koma chaka chomwecho bambo ake anamwalira ndipo fizi inakanika, kalata yomuitana ija akuti mpaka lero ili mu sutikesi. Anayesa kaunjika, mabelo awiri otsatizana anatuluka zisanza zokhazokha, mpamba unathera pomwepo. Zaka ziwiri anangokhala, akuti akaona anzake a kalasi imodzi atavala zoyera akukwera minibasi ya ku chipatala cha Central ankakhotera njira ina. Malume ake okonza mafiliji ndi amene anamutenga kuti azingolemba malisiti ndi kusesa mu shopu. Kuchoka pa malisiti anayamba kugwirizira tochi, kenako kupatsira sipanala, tsiku lina malume atapita kumaliro ku Rumphi anasintha yekha relay, kachipangizo kolizira kompuresa, pa filiji ya kasitomala nkulira bwinobwino. Pambuyo pake ndi pomwe anakachita kosi ya TEVETA kuti akhale ndi pepala.

Ndinamufunsa kuti koma mtima suwawa? Sanayankhe msanga, anali akupaka thovu la sopo pa mapaipi kufuna pomwe pakutuluka mpweya. Kenako akuti chaka chatha anamuitana ku kachipatala kena ka kumudzi filiji ya katemera itasiya kuzizira, ndipo katemera amafuna pakati pa madigiri 2 ndi 8, akatentha kapena kuuma ngati ayezi ndiye kuti watayika. Anagwira mpaka mdima, nesi wa pamenepo ndi amene ankamugwirira tochi. Anangonena zomwezo basi nkuti taonani apa, thovu likufufuma.

Bowo linali pomwe panalowa mpeni paja, bambo woyamba uja sanalitseke nkomwe, anangothira gasi mu chinthu chobooka ngati kutunga madzi ndi dengu. Iye anati apa sindithera pano, iyenera kupita ku shopu, atseke bowo, asinthe filter drier, kachitsulo kosefa gasi ndi kuyamwa chinyontho, chifukwa chinyontho chalowa, apope mpweya wonse ndi vacuum pump kenako ndiye gasi. Anandionetsanso kachipepala ka kuseri kwa filiji polembedwa R600a, akuti gasi ameneyu amayaka moto ndipo sasakanizidwa ndi R134a wa mafiliji ena aja, aliyense wobwera kudzathira ndizimufunsa kaye kuti wanyamula uti. Zaka zonsezi ndili ndi filiji kachipepala kameneko sindinakawerengepo.

Tsopano zodandaula, poti ndalama ndinalipira. Anati mawa, inatha masiku anayi. Tsiku limodzi magetsi kunalibe, limenelo ndamukhululukira, koma enawo ndi ntchito zomuchulukira ndipo foni sayankha, umaimba kasanu mpaka umayamba kuganiza kuti filiji yagulitsidwa ku msika wa Zigwagwa. Akuti akagwira moto wowotcherera sagwira foni, chabwino, koma madzulo bwanji osabweza ngakhale ka meseji? Nkhuku zanga zinagona kwa aneba masiku onsewo ndipo aneba mumawadziwa, ziwiri sizinabwerere. Shopu yakenso ndi yopanikiza, mafiliji akufa mbali zonse, pokhala kasitomala palibe, chikwangwani chinafufutika kalekale.

Mtengo K60,000 zonse pamodzi, galimoto yonyamula ndinalipira padera. Poyamba ndinati yachuluka koma anandilembera lisiti chilichonse pachokha, drier mwakuti, gasi mwakuti, ntchito mwakuti, chitsulo chakale anachotsacho anandipatsa m'manja, ndipo akuti ikavuta mkati mwa miyezi itatu ndibwere osalipira. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Pobweretsa anandiletsa kuyatsa pompo, akuti poti inapendekeka mu galimoto idikire maola angapo mafuta a mu kompuresa abwerere pansi, ine mtima uli pa mafizesi koma ndinamvera. Anandikakamizanso kugula fridge guard, kachipangizo koteteza filiji ku magetsi, chifukwa magetsi akamabwera mwamphamvu atathima ndi pomwe ma relay ndi makompuresa ambiri amapsa.

Lero ndi tsiku la 9 chibwerereni filiji, ayezi ali gwa, mafizesi a bwemba ndi a malambe abwerera. Amene mukufuna kupitako tsikirani ku Luwinga mufunse anyamata a sacramento kuti kwa sisi wa mafiliji ndi kuti, akakufikitsani pakhomo, koma pitani nokha m'mawa, za foni iwalani. Mwana wanga uja sisiyo anamupatsa kachopalira ka pulasitiki, mpeni ndabisa.