Kadzidzi, theka la ng'ona ndi nswala yodwala: nyenyezi 4 pa 5

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemangayi, ndipo ndinachita bwino, chifukwa ndikanalemba tsiku limene phukusi linafika ndikanapereka nyenyezi zonse zisanu.

Ndinaoda makobidi atatu kwa wogulitsa wina wa pa intaneti kuno ku UK, amene amagulitsa ndalama zakale za Agiriki ndi Aroma zokhazokha. Dzina lake sinditchula poti pena ndimudandaula. Ine ndimatolera makobidi a nyama basi. Matendawa anayamba ndili mwana, ndikuunjika m'kachitini ka mkaka ma 1 tambala okhala ndi tambala weniweni uja ndi ma 20 tambala a njovu ndi mwana wake, zimene zinabwera mu 1971 pamene tinasiya mapaundi ndi mashereni. Nkhope za mafumu sizinandikokepo. Nyama ndiye zimandigwira mtima.

Za katumizidwe ndilibe nazo mawu. Phukusi linafika tsiku lachinayi chiodereni, losainira, envelopu yosalembedwa chilichonse chosonyeza zimene zili m'kati. Khobidi lililonse linali m'kathumba kake, tonse titamatidwa pakati pa makatoni awiri kuti zisagundane.

Chimene ndinafera ndi kadzidzi wa ku Athens. Ndi khobidi la siliva lotchedwa tetradrachm, kutanthauza ma drachma anayi, la pakati pa 454 ndi 404 BC, nthawi imene mzindawo unkasula ndalamazi zambirimbiri ndi siliva wa m'migodi ya ku Laurion. Mbali imodzi kuli mutu wa Athena, mulungu wamkazi wa mzindawo, atavala chisoti, diso lake loyang'ana kutsogolo ngakhale nkhope yapenya kumbali. Kuseri kuli mwini nkhaniyo: kadzidzi waima chammbali koma mutu watembenukira kwa iwe, maso ali tong'o, kumbuyo kwake kanthambi ka azitona ndi kamwezi, kutsogolo zilembo zitatu zoyambirira za dzina la mzinda. Amene munagwirapo 1 euro ya ku Greece mwamuona kale, ndi yemweyo.

Pa chithunzi amaoneka wamkulu. M'manja ndi wamng'ono kuposa £2, koma kulemera kwake ndi kwina. £2 ndi magalamu 12, pamene kadzidzi weniweni amayenera kusewera pa magalamu 17.2. Wanga pa sikelo yanga anakwana 17.08, ndendende zimene wogulitsa analemba. Ndi wochindikala, wosazungulira bwino, ngati kachitumbuwa kopsinjidwa ndi chala. Kusazungulirako si chilema. Ankaika kachibulumwa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo, ndiye m'mphepete mumachita ming'alu ndipo nthawi zambiri nsonga ya chisoti imatsalira kunja. Ndinakhala naye usiku wonse ndi galasi lokulitsa, kufunafuna msoko m'mphepete kapena timaenje tonga thovu, zimene zimaulula khobidi lothiridwa m'chikombole dzulodzuloli. Sindinapeze kanthu.

Wangayu ali ndi bala. Munthu wina zaka zoposa 2,000 zapitazo anamutema ndi chitsulo chakuthwa paphiko, bala lakuya ndithu, pofuna kuona ngati m'kati muli siliva kapena ndi mkuwa wongokutidwa pamwamba. Akathyali analipo kale. Wogulitsa sanabise, anajambula balalo pafupi n'kutsitsa mtengo, ndipo n'chifukwa chake ndinakwanitsa kumugula. Anzanga ena otolera sangamuyang'ane kawiri, amafuna wosalala. Ine ndimamukonda choncho. Kumapeto kwa zaka zimenezo mmisiri ku Athens ankalandira drachma imodzi pa tsiku, ndiye khobidili linali thukuta la masiku anayi. Ndani angalandire malipiro a masiku anayi osawatema kaye?

Vuto la kadzidzi silinachokere kwa wogulitsa, linachokera m'nyumba. Akazi anga atamuona anangoti, “Inu, zamoyo zonse zili padzikoli, mwasankha kadzidzi kuti azigona m'nyumba muno?” Tsiku lotsatira ndinalakwitsa n'kuonetsa amayi pa vidiyo ya WhatsApp. Anakhala chete kaye, kenako anati, “Mwananga, wapita kutali konseko kukagula maliro?” Ndinayesa kufotokoza kuti, “Amayi, kwa anthu amenewo mbalameyi inali ya nzeru, inali chizindikiro cha mzinda wawo, sinali ya ufiti ayi.” Yankho lawo linali lakuti anthuwo anatha onse, ndiye umboni ndi womwewo. Sindinapitirize.

Wachiwiri ndi theka la khobidi la mkuwa la ku Nemausus, mzinda umene lero ndi Nîmes ku France. Lathunthu limakhala ndi mitu iwiri yopatsana nkhongo, ya Augustus mfumu ya Aroma ndi ya Agrippa mkulu wake wa nkhondo, ndipo kuseri ng'ona yomangidwa unyolo ku mtengo wa kanjedza, pamwamba COL NEM, chidule cha dzina la mzindawo. Ng'onayo ndi Iguputo, amene Aroma anamulanda mu 30 BC atagonjetsa Antony ndi Cleopatra pa nkhondo ya pamadzi ku Actium chaka cha 31 BC. Mpaka lero ng'ona ya unyoloyo ili pa chizindikiro cha mzinda wa Nîmes. Makobidi amenewa ankawadula pakati tchenji ikasowa, n'chifukwa chake matheka ndi ambiri pamsika ndipo ndi otsika mtengo. Ine ndinapeza mbali ya kumutu kwa ng'onayo. Munthu amene anaonapo ng'ona za mu Shire akhoza kuseka, chifukwa kukamwa kwake n'kokokomeza, mano ali ngati macheka. Ndikuganiza kuti wosemayo ankangoimva m'nkhani. Koma khungu lake la mkuwa ndi lokongola, lobiriwira mwakuda, lolimba ndi losalala. Apa ndinakhutira.

Wachitatu ndiye wadya nyenyezi ija. Ndi kakhobidi ka mfumu ya Aroma Gallienus, kochokera m'gulu limene otolera amalitcha “zoo”, losulidwa ku Rome mu 267 ndi 268 AD. Ufumu unali utang'ambika, ndipo Gallienus anatulutsa ndalama zopempha milungu kuti imuteteze, mulungu aliyense ndi nyama yake: mbuzi ya Jupiter, kambuku wa Liber, hatchi ya mapiko ya Sol, nswala ndi agwape a Diana. Yanga ndi nswala, yolembedwa DIANAE CONS AVG, kutanthauza “kwa Diana, mtetezi wa mfumu”. Milunguyo sinathandize, asilikali ake omwe anamupha pafupi ndi Milan mu 268. Ndalama za nthawi imeneyo zinali za siliva dzina lokha, kwenikweni mkuwa wongopakidwa, ndipo zilipo zambiri moti oyamba kumene ndimawauza kuti ayambire pamenepa.

Pa chithunzi kanali koyera bwino. Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinaona kadontho kobiriwira mowala pansi pa mimba ya nswala. Nditakhudza ndi kamtengo kotokosera m'mano, kanayoyoka ngati ufa, pansi pake pali kadzenje. Chikomekome cha mkuyu. Awa ndi matenda a mkuwa, amene amayamba mchere wa m'nthaka wotsalira m'chitsulo ukakumana ndi chinyezi, ndipo ukawasiya amadya khobidi mpaka kuboola. Nditabwerera ku chithunzi cha wogulitsa n'kuchikulitsa, pamalo omwewo panali kachigamba kakuda konyezimira, ngati panapakidwa phula. Sindikunena kuti anapaka ndi iye, mwina anakagula kali choncho. Koma munthu amene anaona bala la kadzidzi n'kulilemba moona mtima, izi zinamuphonya bwanji? Komanso kathumba kamene anaikamo nswalayo kanali ka pulasitiki yofewa ija ya PVC, yonunkha ngati mpira watsopano, imene aliyense wa ntchitoyi amadziwa kuti imawononga makobidi ikakhalitsa. Enawo anali m'timathumba tolimba tabwino. Zikuoneka kuti chisamaliro chimatsata mtengo.

Nditamulembera anayankha tsiku lomwelo, osakangana nane. Anati ndibweze andipatse ndalama zonse, kapena ndisunge andibwezere theka. Ndinasunga. Ndinachotsa ufawo, n'kuviika kakhobidiko m'madzi oyeretsedwa a distilled, kusintha madziwo masiku angapo alionse kwa mwezi wathunthu, kenako kuumitsa bwinobwino. Pano kali pakokha m'kabokosi ndi timapaketi ta silica gel, kutali ndi ng'ona. Ufawo sunabwerere, koma ndimasuzumira Lamlungu lililonse.

Chodandaula china n'chaching'ono koma osachinyozera. Pa tsamba lake analemba kuti kadzidzi anachokera m'nkhokwe ya wotolera wina wakale, koma kapepala kosonyeza zimenezo sikanali m'phukusi. Ndinapempha kawiri kasanabwere. Mayiko monga Greece ndi Italy amaletsa kutulutsa zinthu zakale zofukulidwa popanda chilolezo, ndiye kapepala konena kumene khobidi lakhala likudutsa n'kofunika pafupifupi ngati khobidilo. Pemphani musanalipire.

Ndidzagulanso kwa iye? Inde, koma za mkuwa ndizidzayamba ndafunsa zithunzi zojambulidwa pa dzuwa, mbali zonse ndi m'mphepete momwe. Ali ndi njovu ya Julius Caesar ya 49 BC, ija ikuponda njoka, pansi palembedwa CAESAR, ndipo ndayamba kale kuponya kangachepe pambali. Imeneyo akazi anga avomera kuti ikhoza kukhala pabalaza pafupi ndi ma 20 tambala. Kadzidzi ali m'dirowa ya m'chipinda cha alendo, ndipo amayi akubwera mu Disembala, ndiye ndiyenera kumupezera kwina kogona.