Dziwe, thanki kapena kuphimbira: madzi a dimba tiwabise kuti?

Ife olima masamba kuseri kwa nyumba kuno ku Harare timadalira mvula ya Novembala mpaka Malichi, mamilimita pafupifupi 800 pachaka. Ikatha mvulayo kumwamba kumatseka, ndipo madzi a m'mipope amabwera tsiku lomwe afuna okha. Kutunga madzi tonse timadziwa, chovuta ndi kuwasunga kuti mpweya usawamwe. Pakhomo panga ku Mufakose ndayesa njira ziwiri, ina ndimaionera kwa achimwene a nyumba yoyandikana.

Achimwenewo anakumba dzenje la mamita 3 m'litali ndi 2 m'lifupi, nayalamo pulasitiki wakuda. Ndalama anawononga zochepa, ndipo mu Febuluwale limadzaza mpaka m'milomo. Koma tawerengani. Milimita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi. Dziwelo likatsika ndi mamilimita 6 patsiku lotentha la Okutobala, ndiye kuti malita 36 apita, pafupifupi zigubu ziwiri za malita 20, iwo asanathirire ngakhale phata limodzi la repu. Pamwezi ndi malita opitirira 1,000. Poyamba ankati pulasitiki waboola.

Madzi a poyera alibe chowatchinjiriza, mpweya umangomwa mmene ludzu lake lilili. Ludzulo limakula ndi zinthu zitatu: dzuwa, kuuma kwa mpweya, ndi mphepo. Kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, mpweya umatha kunyamula nthunzi yochuluka ndi pafupifupi 7 pa 100 iliyonse. Mphepo nayo anthu amaiderera. Imachotsa mpweya wonyowa womwe wakhala pamwamba pa dziwe n'kubweretsa wina wouma, n'chifukwa chake mu Ogasiti, kusanayambe n'kutentha kwenikweni, madzi amakhala ayamba kale kutsika.

Chomwe chinandidabwitsa ndi ichi. Nthaka yozungulira ikauma, mphamvu ya dzuwa yomwe ikanathera pouluza chinyezi imangowotcha dothi ndi mpweya. Mpweya wotentha ndi woumawo ndi womwe umafika pa dziwe. Choncho m'chaka cha chilala, monga cha El Niño wa 2023 mpaka 2024, nthaka imataya madzi ochepa poti ilibe, pamene dziwe limataya ochuluka kuposa masiku onse, nthawi yomwe mukulifunitsitsa.

Akwathu ku Malawi amadziwa za Chilwa, nyanja yotambalala koma yosaya, yomwe inaphwa mu 1995 ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Nyanja ya Malawi nayo imataya madzi ambiri ngati nthunzi kuposa omwe amatuluka ndi mtsinje wa Shire, koma kuzama kwake kumaipulumutsa. Ngati mwatsimikiza zokumba, kumbani mozama, kukamwa kukhale kochepa, ndipo ikani mthunzi pamwamba. Namasupuni ngati wodzaza m'nyanja ya Chivero kufupi ndi Harare musamuike pofuna kuphimba madzi, amamwa ndi mizu n'kutulutsa ndi masamba. Udzudzu ndi ana aang'ono muwaganizirenso.

Thanki yotseka ilibe nkhani yaitali. Mpweya sufika pamadzi, zomwe mwasunga mudzazipeza. Denga la masikweyamita 50 likalandira mvula ya mamilimita 20 limapereka malita pafupifupi 1,000, ndiye thanki ya malita 5,000 imadzaza msanga. Vuto ndi mtengo, komanso malita 5,000 pa miyezi isanu ndi iwiri yopanda mvula ndi ochepa kwambiri mukamathirira ndi payipi mosaganiza.

Njira yachitatu ndi yosunga madzi m'nthaka momwemo. Dothi lili ndi khalidwe lomwe dziwe lilibe: likanyowa limataya madzi mofulumira masiku oyamba, koma pamwamba pakauma limadziletsa lokha, chinyezi cha pansi n'kutsalira mizu. Apa ndi pomwe ndinkalakwa zaka zambiri. Ndinkawaza timadzi pang'ono tsiku lililonse, pamwamba pamakhala ponyowa nthawi zonse, bedi langa n'kumauluza madzi ngati dziwe lomwe la achimwene. Tsopano ndimathirira mokwanira kawiri kapena katatu pamlungu, m'mawa kwambiri, ndipo ndimaphimbira ndi udzu wouma ndi mapesi wokhuthala ngati chikhatho. Ndi nzeru yomwe ija ya Pfumvudza, ulimi wobzala m'maenje n'kuphimbira nthaka, imene alimi a chimanga amauzidwa kuno. Dzuwa siligunda dothi, mphepo imadutsa pamwamba pa udzu.

Sindikuti kuphimbira kumathetsa zonse. Masamba a kovo, ndiwo zofanana ndi repu, amatulutsabe madzi, ndipo masana a Okutobala amafota ngakhale pansi pali chinyezi, madzulo n'kudzukanso. Musathamangire ndowa mukaona zimenezi, pisani chala m'dothi kaye. Chiswe chimadya udzuwo, ndipo udzu weniweniwo umasowa anthu akayamba kutentha tchire, ndiye mwetani mu Meyi.

Ine ndalama ya dzenje ndinaisunga mpaka inakwana thanki, ndipo thankiyo imafika Novembala chifukwa cha udzu wa pamabedi. Achimwene dzenje lawo akadali nalo, koma chaka chino alikuta ndi malata akale, ndipo dzulo anabwera kudzapempha mapesi.