Njira ya Andrew McLean yophunzitsira hatchi, patatha miyezi yambiri ndikuigwiritsa ntchito

Ndinadikira dala kuti papite miyezi ndisananene maganizo anga, chifukwa njira iliyonse yatsopano imaoneka yabwino sabata yoyamba. Pano ndinganene kuti njira ya Andrew McLean imagwiradi ntchito, koma amene amavutika kuiphunzira ndi munthu, osati hatchi.

McLean ndi wa ku Australia. Anayamba ngati wokwera mahatchi pa mipikisano, kenako anachita digiri ya PhD pa yunivesite ya Melbourne pofufuza mmene hatchi imaphunzirira. Iye pamodzi ndi dokotala wa ziweto Paul McGreevy ndi anzawo ena ndi amene anayambitsa bungwe la International Society for Equitation Science, loona za sayansi ya kaphunzitsidwe ndi kakweredwe ka mahatchi, mu 2007. Chimene chinandikopa n'chakuti salankhula za kukhala "mtsogoleri" wa hatchi. Kwa iye hatchi siichita mwano kapena makani. Imangobwereza chimene chinaipatsa mpumulo.

Nkhani yonse yagona pa kumasula. Ukakoka chingwe pang'ono kuti iime, uyenera kulekerera nthawi yomweyo miyendo ikangoima. Ukachedwa, waiphunzitsa china. Hatchi yanga inkakonda kutukula mutu ikamva chitsulo cha m'kamwa, ndipo zinatha nditayamba kumasula pokhapokha yabwerera m'mbuyo phazi limodzi, osati ikagwedeza mutu. Lero ndimangogwira chingwe ndi zala ziwiri, iyo n'kuima. Lamulo lina limene ndaona phindu lake ndi loti usakoke chingwe uku ukuikanikiza ndi miyendo. Kumeneko n'kuiuza kuti "ima" ndi "pita" nthawi imodzi, ndiye ikasokonezeka timati ndi yaukali.

Pa mantha zinthu zayenda pang'onopang'ono. Makina ometera ubweya inkawaopa kwambiri. Njira yake ndi yoti wina aziyandikira ndi makinawo pamene iwe ukuiyendetsa phazi kutsogolo, phazi kumbuyo, mpaka maganizo ake akhale pa iwe. Pakhosi ndi pamapewa imalola tsopano, koma kumakutu ayi ndithu, ndipo sindikuikakamiza. Kuikanda pamwamba pa mapewa, pamene mahatchi amakandana okhaokha, kumaikhazika mtima pansi kuposa kuimenya mbama pakhosi monga ambiri amachitira poiyamikira.

Zodandaula zilipo. Maphunziro a McLean ali ndi mawu a sayansi ambiri, moti munthu wongoyamba kumene angagwe ulesi. Komanso masabata oyambirira ndi otopetsa: ima, pita, bwerera, khota, khala pomwepo, tsiku ndi tsiku, anzako akudumpha mipanda. Ndipo luso lodziwa nthawi yomasula silibwera powerenga. Pamafunika munthu woima pambali woti azikuuza kuti wachedwa.

Ena amati njirayi ndi youma, ilibe chikondi. Ine sindikuvomereza. Hatchi yanga masiku ano imabwera yokha ikandiona ndi chishalo, zimene kale sinkachita. Mfundo zomwezi McLean anazipititsanso kwa osamalira njovu ku Nepal ndi ku India kudzera m'bungwe lake la Human Elephant Learning Programs (HELP), kuti azisiya kuziphunzitsa pozizunza.

Amene ali ndi hatchi yoluma kapena yoimirira ndi miyendo yakumbuyo ayambe waitana dokotala wa ziweto, chifukwa ngati vuto ndi dzino kapena msana wopweteka, palibe maphunziro amene angathandize. Kwa ena onse, ndikuilimbikitsa, bola mukhale ndi mphunzitsi woidziwa bwino miyezi yoyambirira.