Exos, Southwest kapena Circuit: chobereka chiti pa ulendo wautali wapansi?

Munthu akamakonzekera kuyenda wapansi kwa masabata ambiri, monga pa Pacific Crest Trail ya ku America yotalika makilomita oposa 4,000, amathamangira kufunsa chikwama chopepuka kuposa zonse. Yambani mwayeza kaye katundu: tenti, thumba logonamo, chakudya cha masiku angapo ndi madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, ndipo m'madera ouma mumanyamula malita anayi kapena kuposa. Kulemera kumeneku ndi kumene kukusankhireni chikwama.

Osprey Exos 58 (nambalayo ndi kukula kwa chikwama m'malita) ndicho cholemera pa zikwama zitatuzi, pafupifupi makilogalamu 1.3, koma sichilemera pachabe. Kumsana kwake kuli ukonde wokungidwa pa chitsulo chopindika, moti chikwama chenichenicho sichigunda msana ndipo mphepo imadutsa pakati. Wa thukuta lambiri achikonda tsiku loyamba lomwe. Vuto lake n'lakuti mpata womwewo umakankhira katundu kutali ndi thupi, ndiye mukachidzaza mopitirira chimakukokerani chagada pokwera chitunda. Cha azimayi chimatchedwa Eja.

Hyperlite Southwest 55 sichifika kilogalamu imodzi. Nsalu yake ndi Dyneema, yosamwa madzi, misoko yake ndi yomata, ndipo kukamwa kwake mumangokulunga n'kumanga. Mvula ikagwa tsiku lonse sichilemera ngati cha nayiloni. Komabe musachiyese chidebe, thumba logonamo muzilikulungabe m'pulasitiki. Chimaima ndi tizitsulo ta aluminiyamu ndi siponji yopyapyala, ndipo chimamatirira kumsana, choncho malaya amanyowa ndithu. Mukalongedza mwachisawawa, poto kapena ngodya ya chitofu imakubayani tsiku lonse. Ndi chodulanso kwambiri pa zitatuzi. Ine ndimachiona choyenera munthu amene anachepetsa kale katundu wake, woyenda kumalo a mvula ndi zitsamba zokola.

Chimene ndingauze anthu ambiri kuti atenge ndi ULA Circuit, chosokedwa ku Utah m'dziko la America. Chimangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndipo ochipanga amati chimanyamula bwino mpaka makilogalamu pafupifupi 16. Malita 68 amene amalemba asakupusitseni, amawerengera ndi matumba akunja omwe. Ubwino wake uli pa kukwana m'thupi. Mumasankha utali wa msana pawokha, lamba wa m'chiuno pawokha, ndiponso kapindikidwe ka zingwe za m'mapewa. Izi n'zofunika chifukwa katundu wambiri ayenera kukhala pachiuno osati pamapewa, komanso woyenda miyezi amaonda, lamba amene anali wothina poyamba n'kuyamba kukhwepa. Pa Circuit mumangosintha lambayo, chikwama n'kukhala chomwecho. Nsalu yake ya nayiloni imapirira kukhuzika pamiyala, kungoti imalowa madzi.

Zilipo zopepuka kuposa apa, monga Zpacks Arc Haul cha magalamu pafupifupi 600, ngakhalenso zopanda chitsulo n'komwe. Zimenezo zisiyireni amene katundu wawo yense, kuphatikizapo chakudya ndi madzi, safika makilogalamu 10.

Poyeza msana, wina akuyezeni kuyambira pa fupa lotuluka kumbuyo kwa khosi mukawerama, kutsika mpaka molingana ndi nsonga za mafupa a m'chiuno. Kenako ikani katundu wanu weniweni m'chikwamamo, mumange lamba poyamba, mapewa pambuyo, n'kukwera nacho masitepe kwa theka la ola.